Magazi a Lackson

Pa Muloza panalibe munthu wosadziwa kuti Nilza anapha mwana wake. A kabaza ankadziwa, osintha ndalama ankadziwa, ngakhale amayi a ku Milange obwera ndi nsomba zouma, amene mwanayo sanamuonepo n'kamodzi komwe, nawonso ankadziwa. Nyemba zake ankagula ndithu, poti zinali zosankha bwino, zopanda anankafumbwe, koma akangotembenuka ankatsinana. Nilza ankawaona akutsinana, ndipo palibe amene anamukhululukira.

Kupha kwakeko kunali kotere. Nilza anakwatiwa ndi Lackson, mnyamata wa ku Likhubula amene ankanyamulira alendo katundu pokwera phiri. Lackson anabwera chikamwini pakhomo pa a Rosa, mayi ake a Nilza, amene anawoloka malire nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique n'kukhazikika kuno. Koma mkamwiniyu sankakhalitsa pakhomo. Alendo akachuluka ankagonera ku Chambe, pamwamba pa phiri, n'kutsika ndi msana wouma komanso matama odzaza thumba. Matama ake aakulu anali a magazi. "Ine malungo sandidziwa," ankatero uku akudziguguda pachifuwa. "Udzudzu ukandiluma, wokadwala ndi womwewo."

Anabereka mwana wamkazi, Emma, wa makutu otambasuka ngati a bambo ake. Asanayambe n'kukwawa komwe, tizala take tinatupa, timapazi tinatupa, maso anachita chikasu. Kulira kwake sikunali kwa njala kapena kwa thewera. Kunali kulira kwa munthu amene akumva kuwawa m'mafupa koma alibe mawu onenera.

Ndiye kunatulukira a Joice, alongo ake a Lackson, mayi amene akamva vuto sachedwa kupeza minibasi. Anamugwira mwanayo dzanja, kuliyang'ana kamodzi, n'kupukusa mutu.

"Mwanayu wasemphedwa," anatero.

Za tsempho aliyense amazidziwa: kholo likayenda m'mbali mwana adakali wanthete, mwanayo amatupa, ndipo mankhwala sagwira mpaka wolakwayo ataulula. Tsono wolakwa angakhale ndani? Lackson amakhala kuphiri, kumene kuli mikungudza ndi nkhungu basi. Nilza amakhala pamsika wa pamalire, pakati pa amuna a njinga ndi amuna a mipukutu ya ndalama. Samu imeneyi a Joice anaiwerengera asanavule n'nsapato zomwe.

Ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. "Tchulani dzina, mwana achire," ankatero. Anamunyengerera, anamuopseza, anamugwadira. Nilza dzina analibe, nanga akanalitenga kuti? Lackson anapinda bulangete lake n'kubwerera kwawo. Paja mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka.

Nilza anatsala yekha ndi maulendo a kuchipatala. Kumeneko ankamuwonjezera magazi mwanayo, ndipo anamuuza kuti matendawo dzina lake ndi sikoselo. Atabwera nalo dzinalo kumudzi, a Joice anatumiza yankho loti chimenecho ndi Chizungu chabe cha tsempho lomwelo. Emma anamwalira atangoyamba kutchula kuti "mama". Pamaliro a Joice analira mokweza kuposa onse, ndipo maliro awo anali ndi mawu: "Kuuma mtima, mayo! Dzina limodzi lokha, mayo, mwana akanachira!" Anthu anamva, ndipo anasunga.

Patapita nthawi Nilza anabwerera kusukulu, ija yamasana yolowa akuluakulu amene anasiyira panjira. Asaname munthu kuti ankakonda mabuku. Ankangofuna satifiketi yoti imuchotse pa Muloza. M'mawa ankagulitsa nyemba, masana n'kukakhala pa benchi yakumbuyo ya Fomu 4, mutu uli ku zina.

Bayoloje ankaphunzitsa a Makawa, bambo owonda ovala kofiya, amene choko chinkawathera m'ndevu kuposa pa bolodi. Tsiku lina analemba mawu a Chizungu pamwamba, ndipo Nilza atawawerenga chapansipansi anamva dzina lija la kuchipatala. Anawongoka.

A Makawa anayamba m'Chingerezi monga mwa lamulo, kenako ataona nkhope zili gwa anatembenukira ku Chichewa. Anati munthu aliyense ali ndi mbewu ziwiri za magazi, ina yochokera kwa mayi, ina kwa bambo. Yabwino analemba A, yopindika analemba S. Wokhala ndi A ndi S sadwala, amangoinyamula mbewuyo osadziwa. Koma mwana akalandira S kuno, S uko, maselo ake ofiira amapindika ngati zenga, amatsekereza timitsempha, ndiye kutupa kwa zala kuja, kuwawa kwa mafupa, kutha kwa magazi. Anajambula bokosi, kuligawa panayi, mayi pamwamba, bambo pambali. M'kabokosi kamodzi mwa tinayito munagwa ma S awiri.

Nilza anakweza dzanja, koyamba chilowereni m'kalasimo.

"Sala, nanga bambo akakhala kuti mbewuyo alibe?"

"Ndiye kuti mwana sangadwale. Mayi yekha sangathe."

"Nanga mayiyo atayenda m'mbali, mwana atabadwa kale?"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. A Makawa sanaseke. Ankakhala pa Muloza pomwepo, nkhani ankaidziwa.

"Amayi," anatero, "mwana amabadwa nazo. Zimene makolo angachite pambuyo pake, zabwino kaya zoipa, sizilowa m'magazi a mwana."

Kenako anawonjezera china, poti chimabwera pamayeso. Anati mbewu yoipayi siitha m'maiko a udzudzu chifukwa woinyamula imamuteteza: tizilombo ta malungo timavutika kuswana m'magazi ake, ndiye kawirikawiri malungo samugwetsa monga agwetsera anzake. Nilza anamva kutentha kuchokera kumapazi mpaka kumutu. Anaona Lackson akudziguguda pachifuwa. Kodi chimene ankanyadira bambo uja ndi chimenechi?

Sabata yomweyo anakayezetsa magazi ake. Anamupeza ndi A ndi S. Sanadandaule; theka la mlandu analilandira ndi manja awiri, podziwa kuti theka linalo lili ku Likhubula. Anafuna kukwera minibasi tsiku lomwelo kuti akawathire a Joice nkhaniyo kumaso, koma a Rosa anamugwira chitenje.

"Ukanena kuti chiyani, kuti aphunzitsi anajambula bokosi? Mayi uja pakamwa pake sungapathe. Akakuseka, ubwerako ndi manyazi awiri."

Zinali zoona, ndipo zinamuwawa chifukwa zinali zoona. Mawu okha sakanakwanira. Anthu a tsempho amakhulupirira chimene aona ndi maso.

Pasanathe mwezi kunamveka kuti Lackson wafunsira mbeta, ndipo osati kutali: m'mudzi momwemo, kuseri kwa mjigo, kwa Claudia. Chipongwe chake! Munthu kukusiyira maliro, n'kubwera kudzadutsa pakhomo pako ndi buledi wopita kwa mkazi wina. Claudia anali wamng'ono kwa Nilza, anakulira limodzi, makolo awo anawoloka malire chaka chimodzi. Nilza atakhala pamsika akusankha nyemba, mtima uli phuphuphu, anakumbukira Dario, mchimwene wake wa Claudia: mnyamata wa maso achikasu amene sankasewera mpira, wokhalira kuwonjezeredwa magazi, amene anamwalira ali ku pulayimale. Manja ake anaima m'lichero.

Masana anawatsatira a Makawa ataweruka.

"Sala, munthu amene mchimwene wake anamwalira ndi sikoselo, iyeyo angakhale nayo mbewuyo?"

"Mwayi wake ndi waukulu kwambiri. Ngati ndi m'bale wanu, muuzeni akayezetse pamodzi ndi mwamunayo asanalowe m'banja. Ndi kadontho kamodzi ka magazi basi."

"Ndimuuza, sala."

Sanamuuze.

Claudia anabwera yekha kunyumba, maso ali pansi, akupotokola nsonga ya chitenje. "Mana, musandide," anatero, pomutchula monga atchulira achemwali kutsidya kwa malire. "Mtima ndi umene wandipusitsa." Nilza anamwetulira, kumukhazika pamkeka, n'kumupatsa nyemba zabwino kwambiri zoti akaphike pachinkhoswe. Tsiku la chinkhoswelo anapita, anatunga madzi, anasonkha moto, ndipo nthungululu zake zinamveka mpaka kumsewu. Amayi ena anati koma mwana wa a Rosa ndi wa mtima wabwino. Ena anati ndi chikumbumtima chikumudya. A Joice anangomuyang'ana cham'mbali n'kufwenthera.

Kuyambira pamenepo Nilza anali ndi masewera ake. Msika ukazizira ankatenga timatumba tiwiri, m'kalikonse n'kusakaniza nyemba zoyera ndi zofiira, zoyera za A, zofiira za S. Kena kanali Lackson, kena Claudia. Ankatsinzina, kupisa dzanja uku ndi uku, n'kutambasula. Ziwiri zoyera, ankatsonya. Yoyera ndi yofiira, ankabwezera. Zikatuluka zofiira zokhazokha ankazifumbata mpaka zikhatho kuchita zipsera. Mulungu amukhululukire, ankapempherera zofiirazo. Za mwana weniweni, wa mnofu ndi mafupa, sankaziganiza. Ankangoona nkhope ya a Joice.

Claudia anaima, mimba inakula, kunabadwa mwana wamwamuna, Evance, wa makutu omwe aja. Nilza anapita kukaona mwana ndi sopo m'manja, koma maso ake anali pa tizala. Tinali tabwinobwino. Anadikira. Mvula inagwa, chimanga chinacha; mayeso n'kuti atalemba kale n'kudutsa. Tizala tinali tabwinobe, ndipo Nilza anayamba kuwawidwa mtima ngati munthu amene wamanidwa chake.

M'mawa wina kukuzizira, mwezi wa Juni, anaona minibasi ikuima ndipo a Joice akutsika, nkhope itakwinyika monga inalili tsiku lija. Sanafunse munthu. Anaphimba nyemba zake, kutenga lichero ndi timatumba tija, n'kuwatsatira chapatali.

Kwa Claudia anapeza bwalo litakhala kale. A Simeoni, malume ake a Claudia amenenso anali nkhoswe yake, anakhala pampando atagwira tsaya. Lackson anaima potsamira njinga, akuyang'ana kuphiri. Claudia anali pamkeka, mwana ali pamiyendo, timanja titatupa ngati tamandasi. Kulira kwake Nilza anakumva asanalowe n'mumpanda momwe. Anadzilimbitsa.

"Tchula dzina, mwana achire," ankatero a Joice. "Kapena ufuna uchite ngati mnzako uja? Manda a mwana wake ukuwadziwa."

Claudia anali atalira mpaka mawu kusasa. Anayang'ana mwana, kuyang'ana malume ake, n'kunena monong'ona: "A Pilato a kabaza anandinyamulapo tsiku la mvula. Anandigwira dzanja potsika. Kaya mwina ndi chimenecho. Ngati n'chimenecho ndavomera, mupatseni mwana mankhwala."

"Mwamva!" a Joice anawomba m'manja. "Zayamba kutuluka. Dzanja lokha? Pitiriza!"

"Odi," anatero Nilza.

Onse anatembenuka. A Joice anati pano palibe za anthu akupha ana, koma Nilza anali atagwada kale pamaso pa a Simeoni mwaulemu wonse, lichero lili patsogolo.

"Malume, ndine mlendo pa mlandu uno, koma matendawa si achilendo kwa ine. Ndipempheko kufunsa. Akazi awiri, nyumba ziwiri, ana awiri otupa mofanana. Tonse awirife ndife oyenda m'mbali? Nanga chimene chagona m'nyumba zonse ziwirizi n'chiyani?"

Ena anayang'ana Lackson, n'kubweza maso msanga.

Nilza anatulutsa nyemba. Anaika yoyera ndi yofiira mbali ino, nati uyu ndi mayi. Yoyera ndi yofiira mbali inayo, nati awa ndi bambo. Anafotokoza monga anafotokozera a Makawa, koma mawu ake anali ndi minga. Anakankhira zofiira ziwirizo pakati pa lichero. "Emma wanga ndi ameneyu. Yofiira imodzi ndi yanga, ndinakayezetsa, sindikukana. Inayi sinagwe kumwamba. A Joice, makutu a Emma munati ndi a kwanu, munalulutira nokha tsiku lobadwa. Makutu okha ndi amene anali a kwanu?"

"Zamabuku izo!" anakuwa a Joice.

"Zamabuku ndithu. Ndiye tiyeni tikafunse magazi, poti iwo alibe mlamu. A Lackson akaboole chala kuchipatala. Akapezeka kuti alibe mbewuyi, dzina lija munkalifuna ndikupatsani, ngakhale khumi, ndipo pa Muloza ndisamuka." Anatembenukira kwa mwamunayo, koyamba chimusiyireni. "Kapena mukuopa, bambo a Emma? Si inu a magazi ogwetsa udzudzu?"

Lackson anaseka mouma. "Magazi anga? Tiyeni ngakhale pompano."

A Simeoni sanadikire kuti asinthe maganizo. Mwana wa mlongo wawo anali pafupi kudzipachika mlandu wabodza, ndiye chingwe chilichonse chinali chogwira. Anadzuka n'kutuma munthu kukaimitsa galimoto.

Kuchipatala anawaboola zala onse atatu, bambo, mayi ndi mwana. Nilza anakhala pakhonde, moyang'anizana ndi a Joice, ndipo sanaphethire. Namwino atawaitana analowa nawo, poti a Simeoni anati ameneyu ndiye mwini mlandu. Namwinoyo ananena mosazungulira: Claudia ali ndi A ndi S, Lackson ali ndi A ndi S, mwana ali ndi S ziwiri. Anapitiriza kulangiza kuti mwanayo azimwa mankhwala oteteza tsiku ndi tsiku chifukwa thupi lake silitha kulimbana ndi tizilombo ngati la ana ena, asaphonye katemera, azigona m'neti, azimwa madzi ambiri, azifunda kukazizira, ndipo akangotentha thupi athamange naye. Anati ana odziwika msanga amakula ndithu. Claudia ankamvetsera mawu alionse. Lackson ankangoyang'ana kathonje kamene kanali pachala pake. Ankaoneka wamfupi kuposa m'mawa.

"Ndiye kuti wa Emma uja…" anayamba, koma sanamalize.

"Malizani," anatero Nilza. "Kapena ndikuthandizeni? Tchulani dzina, bambo."

A Simeoni anati nkhani yatha, apepesane, nkhuku iperekedwe monga mwa mwambo. Nilza anati nkhuku adye okha. Dzina lake silinaipitsidwe m'chipinda, linaipitsidwa pagulu, ndiye likatsukidwe pagulu.

Tsiku la msika a Joice anaima pafupi ndi mulu wa nyemba za Nilza, a Simeoni ali pambali, Lackson ali kumbuyo chipewa chili m'manja. Anayamba motsitsa mawu. Nilza anati sakumva, paja pamaliro mawu analipo ambiri. A Joice anakweza. Ananena kuti mwana wa a Rosa sanayende m'mbali, kuti analibe choti aulule, kuti matenda a Emma anali a m'magazi a mbali zonse ziwiri, kuti iwo a Joice ananama. A kabaza anasiya kuitanira anthu. Osintha ndalama anaima ndi mipukutu m'manja. Pilato anafunsa kuti nanga dzanja lake lija lili pati pamenepa, ndipo anthu anaseka mpaka a Joice anaphimba nkhope ndi mpango. Kunena zoona, zinamukomera Nilza. Zinamukomera kwambiri, ndipo sanachite nazo manyazi.

Anthu atabalalika kunabwera Claudia, mwana ali kumbuyo atamukulunga m'juzi. Anagwada pambali pa lichero.

"Mana, mwandipulumutsa. Ndikanadzinamizira ine."

"Dzuka, anthu akuona."

"Nzeru zimenezi munaziphunzira liti?"

"Ku Fomu 4."

Claudia anawerengera zaka m'mutu. Sanali wopusa, anangosiyira sukulu panjira basi.

"Fomu 4 munali chaka chija cha chinkhoswe changa."

"Eya."

"Ndiye munkadziwa za a Lackson." Anamuyang'ana m'maso. "Za Dario wathu munkazikumbukira?"

Nilza akanatha kunama. Koma anali atangotsukidwa kumene pamaso pa msika wonse, ndipo bodza linamukanika.

"Ndinkazikumbukira."

"Munandipatsa nyemba. Munalulutira."

"Iwe pamaliro a Emma unakhala pati?" Mawu a Nilza anatuluka akuthwa. "Unakhala mbali ya a Joice. Unkawapukuta misozi pamene ankanditcha wakupha. Unkaganiza kuti sindinakuone?"

"Ndinakhaladi," anatero Claudia. Anadzuka pang'onopang'ono, n'kukokera nsalu kuti mwanayo abwere kutsogolo, timanja totupa tija tili pachifuwa pake. "Ine ndinakhaladi, mana. Koma uyu kunalibe."

Anatembenuka n'kulowa m'chigulu cha anthu. Asanafike pamsewu mwanayo anayamba kulira, kulira kuja kwa m'mafupa, ndipo Nilza anakumva bwinobwino pakati pa mabelu a njinga ndi phokoso la minibasi. Mayi wina amene kale ankatsina anzake anaima pamulu, akumwetulira mwaulemu, n'kufunsa kuti zofiirazi zikupita bwanji. Anafunsa kachiwiri, koma Nilza anali akuyang'anabe kumene kunalowera Claudia.